Mayina Amene Anapita ndi Nthunzi

Orville Grandison wayenda ndi chikwama cha makalata m'misewu ya ku Kentish Town kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Anthu a m'misewu imeneyo amamudziwa ngati wapositi wamtali uja, wosalankhulalankhula, amene ngakhale agalu olusa anasiya kumuuwa. Ndi ochepa amene akudziwa kuti kale, Lamulungu lililonse masana, munthu yemweyu ankatulutsa thukuta anthu mazana atatu mu holo ina ya m'mbali mwa ngalande ku Camden, iye mwini osasuntha phazi. Nkhani zimenezo sazikamba. Mukamufunsa amangoti zinali za unyamata, n'kuyang'ana wotchi.

Kusasuntha phaziko sikunali kufuna kwake. Orville sankatha kuvina, ndipo kwa mwana wobadwira m'banja la Achijamaika ku Harlesden limenelo linali tsoka losabisika. Alongo ake ankamuseka kuti miyendo anachita kubwereka kwa munthu wina ndipo mwini wake sanamuuze kayendetsedwe kake. Koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Orville anazidziwadi nyimbo. Loweruka lililonse m'mawa ankapezeka atagwada m'misika ya zinthu zakale, akufufuza m'makatoni a mbale za galamafoni zimene anthu anataya makolo awo atamwalira. Ankabwerako zala zili bii ndi fumbi, mawondo a buluku atayera, mbale ziwiri kapena zitatu zili kukhwapa.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Achinyamata ambiri a mu London anali atapenga ndi nyimbo za makina zimene ankazitcha acid, zovinira m'mashedi ndi m'minda. Koma panali kagulu kena kouma mutu kamene kanakakamira jazi wakale, wa malipenga ndi ng'oma zoimba ndi manja, uja makolo awo anamusiya kalekale. Wina anangoseka tsiku lina kuti ngati enawo ali ndi acid, ndiye kuti wathuyu ndi acid jazz, ndipo dzina lanthabwalalo linakanirira mpaka lero. Gule wawo wamkulu ankachitika dzuwa likuswa mtengo, kuyambira ena akutuluka m'tchalitchi mpaka sikisi koloko madzulo, chifukwa mawa lake aliyense anali ndi ntchito. Anyamata ankabwera atatchena masuti ndi nsapato zopukuta, m'chikwama muli thaulo, malaya osinthira ndi kabotolo ka paudala wa ana, amene ankawaza pansi kuti phazi liziterera. Ankapanga bwalo n'kumalowamo mmodzimmodzi kupikisana, akuda, azungu, Agiriki, amwenye, onse fungo limodzi la thukuta ndi paudala.

Pamalo ngati amenewo ulemu wa DJ sunali m'zovala kapena m'kamwa. Unali m'bokosi lake. Ukakhala ndi nyimbo imene wina aliyense alibe, ovina ankakutsatira kulikonse, ndipo anzako ankasolola makosi kuti awerenge dzina mbale ikuzungulira. N'chifukwa chake panali mwambo wobisa. Ambiri ankangomata pepala loyera pamwamba pa lebulo n'kulembapo dzina labodza. Orville ankati umenewo ndi ulesi, chifukwa munthu wochenjera atha kuunika pepalalo ndi tochi n'kuwerenga za pansi. Iye ankatsatira njira ya amalume ake, amene ankaseweretsa nyimbo m'mabwalo a ku Kingston: nthunzi ya ketulo pang'ono, lezala, n'kupala lebulo yonse mpaka pasatsale kanthu.

Mbale imene inamupatsa dzina anaipeza mu 1988, pa tebulo la munthu wogulitsa mipando yakale ndi makapu osweka zogwirira. Inalibe chikuto. Lebulo yake inali yachikasu, yosindikizidwa mokhota, ndipo panali mayina a anthu asanu, ndi mzere wina wonena kuti inajambulidwa ku Willesden mu 1972. Atafika nayo kunyumba anaimvera kawiri, tsitsi likumuimirira. Inkayamba ndi ng'oma zokhazokha, kenako limba, kenako malipenga awiri akuthamangitsana. Chapakati zonse zinkangoti zii, n'kumveka munthu akuseka patali, ndiyeno ng'oma zija n'kubweranso ndi ukali woposa poyamba.

Madzulo omwewo anaima m'khitchini ya amayi ake kudikira kuti ketulo iwire. Mayina asanu aja anawawerenga kamodzi, monga mmene munthu amawerengera zolemba za pa katoni ya mkaka. Chimene chinamukhala m'mutu n'chakuti awiri anali ndi dzina limodzi la bambo, Prosper. Kenako anapala. Tizidutswa tachikasu tinapita mu bini pamodzi ndi makoko a mbatata. Pa pepala loyera analembapo kuti "Mvula ya ku Brooklyn", chifukwa masiku amenewo jazi weniweni ankayenera kubwera pa ndege kuchokera ku America. Kunena kuti nyimbo inajambulidwa ku Willesden, kumene basi nambala iliyonse imapita, kukanakhala kudzichotsera ulemu.

Nyimboyo inagwedeza holo. Patangopita miyezi iwiri ovina anali ataidziwa mpaka popumira pake. Ikafika pa zii paja bwalo lonse linkaima mwendo uli m'mwamba, anthu mazana atatu n'kuseka pamodzi ndi munthu wa m'mbaleyo, kenako n'kugwa pansi ndi ng'oma. Orville, amene sanavinepo m'moyo mwake, ankaima kuseri kwa makina mtima uli m'malo. Kanali koyamba kuti akhale ndi kanthu kamene anthu ena akukafuna.

Amene ankaifuna kwambiri anali mnzake Kyriacos, mwana wa telala wa Chigiriki wa ku Camden komweko, amene aliyense ankangomuti Kiri. Awiriwa ankasinthana pa makina ndipo ankadyera tchipisi m'pepala limodzi, koma pa za mbale panalibe chibale. Kiri anayesa kumunyengerera ndi mbale khumi posinthana, anayesa kumuledzeretsa, mpaka analembera makalata ogulitsa mbale a ku New York kufunsa za "Mvula ya ku Brooklyn", iwo n'kumuyankha kuti sanaimvepo. Orville ankaseka mpaka misozi. Nthawi imeneyo Kiri anali atayamba kakampani kake m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya bambo ake, kosindikizanso nyimbo zakale. Ankasaka madala amene anaziimba, ena akuyendetsa matakisi, ena akulonda mafakitale, n'kuwabwezera pa siteji imvi zili mbuu. Angapo a iwo anafika mpaka ku Japan, kumene achinyamata ankawagwadira.

Mwa akazi ochepa amene ankalimba mtima kulowa m'bwalo la anyamata munali Corinne, wophunzira unamwino, wamfupi, wovina ngati pansi pakutentha. Orville ankamufuna, koma pakamwa pankamulemera. Lamulungu lina gule atatha, Corinne anabwera kumakina akudzipukuta ndi thaulo, n'kunena kuti nyimbo ya Brooklyn ija imamudabwitsa, chifukwa ng'oma zake zimamveka ngati mmene bambo ake amagogodera tebulo akamadikira chakudya. Orville anaseka n'kumuuza kuti madala onse amagogoda tebulo chimodzimodzi. Sanaganize zomufunsa dzina la bambo ake, poti m'holo muja anthu ankadziwana ndi mayina oyamba okha.

Sabata yotsatira Corinne anabwera ndi bambo akewo. Anali bambo wochepa thupi, wa ku Dominica, wotsuka sitima ku depoti, atavala suti ya kutchalitchi ndi chipewa. Anaima pafupi ndi chipilala, kutali ndi paudala, ngati munthu amene walowa ukwati wa eni ake. Orville anawaona, ndipo poika mbale ija anawayang'anitsitsa. Ng'oma zitangoyamba, manja a bambowo anayamba kumenya pa ntchafu zawo, ndipo sankatsatira nyimbo ayi, ankaitsogolera. Pamene pakubwera kusintha, manja awo anali atafikapo kale. Pa zii paja anatseka maso n'kuweramitsa mutu, munthu wa m'mbale uja asanayambe n'kuseka komwe.

Nyimbo itatha anabwera kumakina, Corinne atawagwira mkono. Kiri anali pomwepo ndi anyamata ena atatu a mabokosi, makutu ali tcheru. Bambowo anavula chipewa, ngakhale kuti amene ankalankhula naye anali wamsinkhu wa mwana wawo.

"Mwana wanga, ine ndine Alwyn Prosper," anatero. "Ng'oma zimenezo ndi manja angawa. Wosekayo ndi mng'ono wanga Cecil, malemu. Kamtengo koimbira kanamupulumuka n'kukagunda wa lipenga pamphumi, ndiye tinalibe nthawi yojambulanso."

Anafotokoza kuti anasindikiza mbale mazana awiri okha, zambiri n'kuwolera m'chipinda cha pansi chimene munalowa madzi, ndipo yawo inasowa posamuka nyumba. Kuyambira pamene Cecil anamwalira anali asanamvenso mawu ake mpaka tsiku limenelo. Ananena kuti sanabwere kudzalanda kanthu.

"Ndingoona nawo pamene analemba dzina la Cecil, basi. Linali lachitatu kuchokera pamwamba."

Orville ankadziwa kuti ndi zoona. Dzina la Prosper ankaliona m'maso mwake, kawiri, pa pepala lachikasu. Koma ankaonanso khutu la Kiri, ndi anyamata atatu aja amene pofika Lachitatu akanakhala atagubuduza makatoni onse a ku Willesden. Ankaonanso chaka chathunthu cha bodza la Brooklyn, ndi mmene holo yonse ikanamusekera. Zonsezi zinadutsa m'mutu mwake nthawi yochepa kuposa imene munthu amatenga pomeza malovu.

"Pepani bambo, mwina mwangofananiza," anatero. "Iyi ndi ya ku America."

Anawapatsa mbaleyo kuti adzionere okha. Bambo Prosper anaigwira m'mbali ndi zala, monga amagwirira anthu odziwa mbale. Anawerenga pepala loyera lija. Anayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwake, pamene lezala linasiya timizere. Kenako anaibweza ndi manja awiri.

"Oo, ya ku America," anatero. "Amaimba bwino anyamata a ku America. Zikomo poiseweretsa, mwana wanga."

Anavala chipewa n'kutembenuka. Corinne anatsalira pang'ono. Sanakweze mawu.

"Iwe Orville, uwayang'ane bambo anga m'maso, unenenso zimenezo."

Orville anawerama n'kuyamba kufufuza m'bokosi lake ngati wataya kanthu. Ataweramuka, onse awiri anali atatuluka.

Tisamunamizire, sanagone bwino sabata imeneyo. Anatsimikiza mumtima kuti apita kukapepesa, ndipo nyumba yawo akanaipeza mosavuta, poti anzake a Corinne ankabwerabe Lamulungu lililonse. Koma anati adikire kaye kuti Kiri aiwale. Kenako anati nyengo yotentha ithe kaye, poti anali ataitanidwa kukaseweretsa nyimbo ku gombe ndipo aliyense kumeneko ankadikira mbale imeneyo. Kenako anayamba kuchita manyazi kuti wachedwa, ndipo manyaziwo anamuchedwetsanso. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma apa amene anafa si mbewayo. Bambo Prosper anamwalira m'nyengo yozizira ya 1991. Orville anazimva kwa wovina wina, ali pamzere wogula tchipisi.

Corinne sanapondenso m'holo muja. Orville anasiya kuiseweretsa mbaleyo, ndipo anthu akamaiitanitsa ankati inakalika. Popanda iyo anali DJ wamba, wa bokosi labwino koma losaopsa. Gule nayenso anali akusintha. Kunabwera mabandi a achinyamata ovala zipewa zaubweya, akuimba pa wailesi ndi pa kanema, ndipo nyimbo zimene anthu ankazithyolera mawondo zinayamba kumveka chapansipansi m'mashopu a nsapato ndi m'malo omwera khofi. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Za Lamulungu masana zinatha, mwini holo atapeza kuti alendo odzaona msika wa ku Camden amagula mowa wambiri kuposa anthu ovina, amene ankangomwa madzi a pampopi. Kakampani ka Kiri kanakula. Orville analowa ntchito ya positi, anakwatira, anabereka ana awiri, ndipo mbale ija anaiika pamwamba pa wadirobu itakulungidwa m'pilo yakale.

Ana a anthu ovina aja anakula akumva jazi m'nyumba, ndipo ena a iwo anatola malipenga. Lero m'mabwalo a kummwera kwa mzinda wa London muli anyamata ndi atsikana oimba jazi wovinika, ndipo sachita manyazi kunena kuti ndi wa ku London konkuno. Amatchula misewu yawo m'mayina a nyimbo. Orville akawamva pa wailesi amasangalala, koma chisangalalocho chimabwera ndi kuwawa, chifukwa iye ndi amene anaona dzina la Willesden n'kuliyesa chinthu chochititsa manyazi.

Mu 2018 Kiri, amene tsopano anali ndi dazi ndi mimba, anakonza zoti akale onse akumanenso Lamulungu lina masana. Anamuimbira foni Orville.

"Aise, ubwere ndi Brooklyn ija. Usandiuze zoti inakalika, bodza limenelo linakalamba kuposa ifeyo."

Orville anapita nayo. Ovina anabwera ndi paudala wawo monga kale, koma tsopano m'zikwama munalinso mankhwala opaka mawondo, ndipo wolowa m'bwalo ankatulukamo msanga akugwira m'chiuno. Ng'oma zitayamba, holo yonse inakuwa. Achinyamata amene anabwera ndi makolo awo anakweza mafoni m'mwamba kuti awauze dzina la nyimbo, monga amachitira masiku ano, koma mafoni onse anagwira njakata. Chinsinsi cha Orville chinali chitasungika bwino kwambiri, moti ngakhale makina odziwa zonse sankaidziwa. Pa zii paja anthu anaseka pamodzi ndi Cecil.

Itatha, Orville anatenga maikolofoni, chinthu chimene sanachitepo ngakhale kale. Ananena kuti nyimbo imeneyi si ya ku Brooklyn, ndi ya ku Willesden, ndipo ng'oma za manja ankaimba ndi Alwyn Prosper, wosekayo ndi mng'ono wake Cecil. Ananenanso kuti mwini wake anabwera m'holo n'kudzitchula, iye n'kumukana pamaso pa anthu. Ankayembekeza kuti wina amutukwana. M'malo mwake anthu anawomba m'manja, ena n'kuimba likhweru, kenako n'kufuula kuti ayiikenso. Zimenezo zinamupweteka kuposa mbama. Kiri yekha ndi amene sanawombe m'manja.

"Ndinalipo tsiku lija, ndipo ndinakhulupirira iweyo," anatero Kiri. "Situdiyo ndinali nayo, Orville. Mdala uja akanakwera ndege."

Ndi Kiri yemweyo amene anafufuza kumene Corinne amakhala. Loweruka lotsatira m'mawa Orville anakwera sitima kupita ku Walthamstow, mbale ili pachifuwa. Corinne anali atasiya ntchito ya unamwino, tsitsi litayamba kuyera. Anamuzindikira pakhomo pomwepo, ndipo anamulonjera kuti bambo Grandison, ngati munthu wobwera kudzawerenga mita ya magetsi. Anamulowetsa m'khitchini n'kuika ketulo pamoto. Orville analankhula zonse zimene anakonzekera m'sitima, ndipo Corinne anamumvera mpaka kumapeto osamudula.

Kenako anamuuza zimene Orville sankazidziwa. Tsiku lija, ali m'basi kubwerera kunyumba, bambo ake sanakwiye. Ananena kuti mwina mnyamatayo akunena zoona, poti zaka zapita zambiri ndipo munthu akakalamba amamva zimene akufuna kumva. Corinne anawatsutsa, koma iwo anati amene ali ndi mbale m'manja ndi amene akudziwa. Kuyambira pamenepo anasiya kugogoda tebulo, ndipo za Cecil ndi kamtengo kake sanazikambenso.

"Chikhala kuti munangowabera nyimbo, bambo Grandison, ndikanaiwala. Koma anamwalira akukayikira makutu awo."

Orville anatulutsa mbale m'pilo muja n'kuiika patebulo. Corinne anaiyang'ana, anawerenga dzina labodza lija, inki yake itafufuma. Galamafoni analibe m'nyumbamo. Anatsegula dirowa n'kutulutsa pepala lomata ndi cholembera, n'kumukankhira.

"Lembani zimene zinalipo."

Analemba Willesden, 1972. Pa mzere wachitatu analemba Cecil Prosper, monga ananenera mkulu wake. Alwyn Prosper anamuika pamwamba. Kenako cholembera chinaima. Anafunsa Corinne ngati akudziwa amene ankaimba limba ndi malipenga awiri aja. Corinne anapukusa mutu. Mu 1972 anali ndi zaka zinayi, amayi ake anamwalira, ndipo munthu yekhayo amene akanawatchula atatuwo anali ataima pamaso pa Orville chipewa chili m'manja, wokonzeka kunena chilichonse akanangofunsidwa. Orville anatseka maso. Chikasu chija ankachiona, ngakhale kukhota kwa zilembo, koma mayina kunalibe. Ketulo inayamba kulira, ndipo Corinne ananyamuka kukaizimitsa.

Mbale inatsala ku Walthamstow, mizere itatu ili yopanda kanthu. Kiri anaisindikizanso chaka chotsatira ndi chilolezo cha Corinne, ndipo kuseri kwa chikuto anapempha kuti aliyense wodziwa atatu enawo alembe kalata. Palibe amene walemba.

Orville watsala pang'ono kupuma pa ntchito. M'mawa uliwonse asanatuluke ndi chikwama amasanja makalata a misewu yake m'timabokosi, ndipo anzake amamudandaula kuti ndi wochedwa, poti ena onse amangoyang'ana nambala ya nyumba n'kuponya. Iye amawerenga dzina lililonse, loyamba ndi la bambo lomwe, milomo ikugwedera pang'ono, kuti mwina tsiku lina limodzi lidzamugunda pamtima n'kukumbuka kuti analionapo pa pepala lachikasu. Papita zaka zingapo tsopano akuchita zimenezi, ndipo sanalipezebe ngakhale limodzi.